Chilimwe Chimene Atate Anasasantha Nyanda

Khungwa la mombo likangosendedwa kumene limanunkhira ngati dothi logweredwa ndi mvula yoyamba, koma mkati mwake mumabisala kafungo kena kowawasa, konga ka thobwa logona. Fungo limenelo limakanirira m'zala masiku atatu ngakhale usambe ndi sopo. Ndinalimva koyamba ndili ndi zaka khumi, m'nkhalango ya m'munsi mwa phiri, kumadzulo kwa mudzi wathu. Mpaka lero ndikatsinzina ndimalipeza pomwe ndinalisiya.

Mwezi wathawu ndinatenga adzukulu anga awiri kukaona mudzi wina umene anthu amanga kuti ana aziphunziramo mmene makolo ankakhalira. Munali nyumba zozungulira, amayi akusinja, mnyamata akupeka moto ndi timitengo. Zonse zinali bwino mpaka mtsikana wotilondolera anatiimika pamaso pa munthu wokhala pamphasa n'kunena kuti, "Iyi ndi nyanda, chovala cha makolo athu." Ndinapempha kuti ndiigwire. Chinali chiguduli! Thumba la mtedza lonyikidwa mu utoto. Ndinalemba dandaulo langa m'buku la alendo, masamba awiri athunthu, ndipo mawu omwewo ndinawakopera papepala langa, pakuti ine chilichonse chimene ndalemba kapena kulandira ndimasunga. Adzukuluwo anachita nane manyazi, anakaima patali ngati si anga. Sindiwaimba mlandu. Sadziwa kuti agogo awo nyanda yeniyeni anaivala, ndiponso sadziwa amene anaipanga.

Chaka chimene ndinamva fungo lija koyamba ndinali Sitandade 4 pasukulu ya pafupi ndi kwathu, cha ku Ludzi. Kunabwera mphunzitsi watsopano, a Mvula, mnyamata wongotuluka kumene ku koleji, woyenda mothamanga ngati wasiya mkaka pamoto. Iwowo ndi amene anabwera ndi maganizo omanga mudzi kuseri kwa sukulu, pakati pa bwalo la mpira ndi mitengo ya mango. Anautcha Mudzi wa Makedzana. Anyamata anadula milimo ndi nsungwi, ife atsikana tinasenza udzu ndi kuzira pansi ndi dothi lakuda la kudambo. Pomatha mwezi wa Ogasiti panali pataima tinyumba titatu tozungulira, kankhokwe pamiyendo yake, khola la nkhunda lopanda nkhunda, ndi mpanda wa udzu wokhala ndi khomo limodzi. A Mvula anati Loweruka lililonse kuzibwera ana a sukulu zina, a ku Kamwendo, a ku Boma, ngakhale a ku Mkanda, kudzaona ife tikukhala ngati anthu akale.

Mudzi umenewo unandilowa mumtima. Belu la buleki likalira anzanga ankathamangira kukasewera fulaye, ine n'kuzembera m'kanyumba ka pakati. Ndinkakhala pansi pozizira, msana utatsamira khoma, n'kumayang'ana dzuwa likudontha m'mipata ya udzu. Tifumbi tinkasambira m'kuwalako pang'onopang'ono, osafika pansi. Phokoso la sukulu linkamveka ngati lochokera tsidya la mtsinje. M'menemo ndinkasanduka mwana wa mfumu ya kalekale, kapena mtsikana wobisala nkhondo, kapena munthu amene sanabadwe n'komwe. Belu lachiwiri likalira ndinkatuluka maso ali tsinzinitsinzini, ngati wodzutsidwa kutulo.

Koma m'mudzimo simunali malo a aliyense. A Mvula ankasankha ana okhawo amene kwawo kunali luso lakale. Rozina, mnzanga wa pa benchi imodzi, analowa chifukwa amayi ake ankaumba mbiya. Ena anabwera ndi uta, ena ndi lichero, wina ndi kalimba wa agogo ake. Kwathu kunalibe chilichonse chakale. Tinali ndi mipando iwiri, nyali ya galasi, kalendala ya kutchalitchi, ndi makatani m'mawindo, chifukwa atate anali telala. Dzina langa silinatchulidwe. Kenako tsiku lina a Mvula anaima kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti pasowa chinthu chimodzi: nyanda yeniyeni, yosasantha kuchokera ku khungwa la mtengo. Mwana amene angabwere nayo adzaivala yekha, ndipo ndi amene aziima pakhomo la mudzi kulandira alendo ndi chikho cha madzi.

Ndinakawauza amayi masana omwewo. Anali pakhonde akusenda mtedza, makoko atawunjikana pachitenje chawo. Anaseka pang'ono osadzutsa mutu.

"Nanga ukasakanso kutali? Atate ako anakuliramo."

Atangotero anagwira pakamwa, n'kuyang'ana kunjira ngati wina wawamva. Ndinawafunsa kuti akutanthauza chiyani, koma anandituma kuchitsime.

Ndiyenera kufotokoza za atate. Dzina lawo anali a Tembo, ndipo m'mudzi wa amayi anali mkamwini, munthu wobwera kuchokera kuseri kwa malire, ku Zambia. Mkamwini alibe mawu ambiri pamudzi. Munda ndi wa akazi ake, ana ndi a atsibweni awo. Chimene atate anali nacho chawochawo chinali makina osokera, njinga, ndi jekete. Jeketeyo inali yotuwa, ya mabatani atatu, yosoka okha. M'mawa uliwonse ankaivala n'kupalasa njinga kupita ku Kamwendo, kumene makina awo ankakhala pakhonde la sitolo. Ngakhale popita kumunda ankaivala mpaka kumalire a mizere, n'kuikoloweka pamtengo, n'kuivalanso poweruka. Sindinali nditawaonapo ali chifuwa pamtunda. Kubafa ankalowa atavala malaya, n'kutuluka atavala ena.

Atsibweni anga, a Lekisoni, mlongo wawo wa amayi ndiponso mwini mbumba, sankatopa kuwaseka. "Alamu, kodi jeketeyi mumagona nayonso?" Atate ankangomwetulira. Anthu onse, mpaka a midzi yoyandikana, ankawatcha a Telala, ndipo ankaitchula ndi ulemu, chifukwa madiresi a ukwati ndi makabudula a sukulu a dera lonselo ankadutsa m'manja mwawo.

Ndinawafunsa atate za nyanda ali kulowetsa ulusi m'singano. Dzanja lawo linaima m'malere.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

Analowetsa ulusi uja n'kupitiriza kusoka. Koma ine ndinali mwana wamakani, monga mmene ndilili nkhalamba yamakani lero. Ndinawapempha m'mawa, ndinawapempha akutsika panjinga. Ndinalira. Tsiku lina ndinakana kudya, n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe mpaka nyerere zinandithamangitsa. Ndinawauza kuti Rozina aziumba mbiya alendo akumuona, ine ndili kunja kwa mpanda ngati mbuzi. Sabata yonse inatha choncho. Lamulungu titaweruka ku Misa, atate anatulutsa nkhwangwa yaing'ono ndi mpeni, anazimangirira kunjinga, n'kundiuza kuti, "Felesiya, kwera."

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ngati loto. Inali nyengo ija utsi wa moto wolusa umaphimba dziko, dzuwa n'kumaoneka ngati dzungu lakupsa lolendewera kumwamba. Tinadutsa minda ya fodya yotsala ziputu zokha, zigafa zopanda kanthu, ana oweta ng'ombe atagona pamthunzi. Ine ndinali pakaliyala, tsaya litatsamira pamsana wa jekete, ndikumva fungo la mafuta a makina ndi sopo. Njira itatha tinabisa njinga m'tchire n'kuyamba kuyenda pansi. Nkhalango yonse inali itaphukira masamba atsopano, ofiira, ena ngati magazi, ena ngati uchi, moti kuwala kofika pansi kunali kofiiranso. Nyenje zinkalira mbali zonse mpaka mutu kumveka wopepuka. Pamalo ena atate anaima n'kuloza mapiri obiriwira chapatali, ooneka ngati ojambula pautsi.

"Kwathu ndi kuseri uko," anatero. Tinapitiriza ulendo.

Sanasankhe mtengo msanga. Ankafika paumodzi, kuusisita, kuugogoda ndi chala, n'kuusiya. Wina anati ndi wokalamba, wina uli ndi mfundo zambiri. Atapeza mombo wowongoka, wonenepa ngati ntchafu ya munthu, anavula jekete n'kuikoloweka panthambi, napinda manja a malaya mosamala mpaka m'zigongono. Analemba mzere kuzungulira thunthu m'munsi, wina m'mwamba pomwe dzanja lawo linalekezera, kenako mzere wautali wolumikiza iwiriyo. Analowetsa kamtengo kosongoka pansi pa khungwa n'kuyamba kukanganula pang'onopang'ono. Khungwalo linkalira ngati munthu akupsompsona mwana. Litachoka lonse, thunthu linatsala loyera, lonyowa, lonyezimira, ndipo fungo lija linatikuta tonse awiri.

Ndinaona kuti manja a atate sankafunsa nzeru kwa mwini wake. Ankangopita okha. Nkhope yawo inali kwina, maso ali pakhungwa koma osaliona. Anapala makungwa olimba akunja ndi mpeni mpaka kutsala chikopa chofewa cha mkati. Tinasenda mitengo iwiri. Pobwerera anandisenzetsa mpukutu umodzi, ndipo madzi ake ankandidonthera m'khosi njira yonse.

Makungwawo sanafike nawo kunyumba. Anakawakwirira m'matope kudimba kwathu, kumapeto kwa dambo, kumene anthu sankadutsadutsa. Anakhala m'menemo masiku anayi. Pa masiku amenewo atate anasema kachibonga ka mtengo wolimba, n'kukalemba timizere kumutu kwake ngati mano a chipeso. Ntchito yosasantha ankaigwira m'mamawa, asanapite ku Kamwendo, ine n'kumawatsatira mame akundinyowetsa miyendo. Ankayala khungwa pachipika chosalala n'kuyamba: ko, ko, ko, ko, kuchokera kumapeto kuno mpaka uko, n'kubwereranso. Nkhungu inali itagona padambo, akakowa ataima m'menemo ngati alibe miyendo. Khungwa lija, limene poyamba linali lopapatiza ngati mpango, linkafutukuka ndikuona, kukula, kupyapyala, kufewa. Ankalipinda n'kulimenyanso, kulifinya, kulikoka ndi manja awiri. Nthawi zina ankang'ung'udza nyimbo ya chilankhulo cha kwawo, chimene sindinkachimva bwino, ndipo akazindikira kuti ndikumvetsera ankasiya.

Nyandayo itauma anaipaka mafuta a nsatsi, ikuoneka yofiirira ngati chiswe cha pachulu. Ndinkayesa kuti yatha. Koma tsiku lotsatira anapita nayo ku Kamwendo itakulungidwa m'nyuzipepala, ndipo pobwera nayo inali itasokereredwa nsalu yopyapyala mkati monse, ndi ulusi wofanana mtundu ndi khungwalo, timizere tating'ono tosaoneka kunja. Ndinakwiya.

"Atate, mwaononga! Makolo analibe makina."

"Makolowo unawaona iwe?" anandifunsa. Anaitembenuza n'kundigwiritsa mbali yakunja. "Tamva. Ikauma imakanda. Ikanyowa imang'ambika osakutsanzika, pamaso pa anthu. Vala mmene ndakupangiramu."

A Mvula ataiona anaikweza m'mwamba kalasi yonse ikuona, anainunkhiza, anaiika patsaya. Nsalu ya mkati sanaidandaule; anangofunsa kuti waipanga ndani. Nditawauza, maso awo anawala. Anati nyanda yopanda woipanga ndi chinthu chakufa, pomwe mudzi wathu unali wamoyo. Alendo ayenera kuona khungwa likusanduka chovala pamaso pawo. Anakhala pansi nthawi yomweyo n'kulemba kalata yopita kwa atate. Kalata imeneyo ndili nayo. Ndi ya inki yabuluu, papepala long'amba m'kope, yaulemu kwambiri. Mzere wotsiriza umati mwana wanu adzapatsidwa malo pakhomo la mudzi ngati inu mudzabwera kudzationetsa luso limeneli. Mawu akuti ngati anawalemba mzere kunsi. Atate anaiwerenga kawiri, anaipinda panayi, n'kundipatsa.

"Ukawauze kuti ndamva."

Loweruka loyamba linacha lotentha. Ine ndinali pakhomo la mpanda dzuwa lisanakwere, nyanda itamangidwa pansi pa mkhwapa, mikanda yoyera ya amayi m'khosi, chikho m'manja. Mkati Rozina anali atayamba kale kukanda dongo, anyamata akuyeserera kupeka moto, utsi wochepa ukutuluka m'denga la kanyumba ka pakati. Atate anafika akukankha njinga, chipika ndi kachibonga zili pakaliyala, khungwa latsopano lili m'ndowa, nyanda ya mtengo wachiwiri uja ili pamwamba. Anali m'jekete yawo, mabatani onse atatu atamanga. Loweruka ndilo linali tsiku la makasitomala ambiri ku Kamwendo, koma makina anawasiya ataphimba.

A Mvula anawalonjera ndi manja awiri, nawasonyeza malo pansi pa mango, moyang'anana ndi khomo. Kenako anakanda kumutu.

"Pepani bambo, pali kanthu kamodzi. Makolo sankavala jekete."

"Ogwira ntchito ndi manjawa, aphunzitsi. Jekete siimenya khungwa."

"Ndikumva, bambo. Koma ana akalowa muno ayenera kuiwala za lero. Akaona jekete ndi malaya, mudzi wonse wagwa. Pali nyanda ina yotsala ija. Mungamange m'chiuno, buluku n'kupindira m'mwamba."

Atate anayang'ana chipika chawo, anayang'ana njinga. Chapatali kunamveka kulira kwa lole ikukwera chitunda cha kumlatho, ndi mawu a ana akuimba. A Mvula anayang'ana kumsewu, thukuta lili pamphumi.

"Ngati n'kovuta palibe mlandu, bambo. Mbali ya nyanda tingoichotsa yonse. Felesiya akavale yunifolomu, aonerere pamodzi ndi anzake."

Sananene mwankhanza, ayi. Ndikulemba zimenezi mwachilungamo, ngakhale mtima umandiwira ndikakumbukira. Anali mnyamata wokonda ntchito yake, ndipo sankadziwa chimene ankapempha. Koma amene anamaliza nkhaniyo si iwo. Ndine. Ndinachoka pakhomo paja madzi akutayikira m'chikho, ndinaima pamaso pa atate, n'kunena mokweza:

"Atate, vulani! Lole yafika!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumikanda mpaka kumapazi. Kenako anamasula batani loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anavula jekete, anaipinda manja ake mkati monga ankapindira zovala za makasitomala, anavula malaya, anavula nsapato. Anayang'ana uku ndi uku kusowa poika, mpaka anapita pa kankhokwe kathu kongoyerekeza kaja n'kuziika mkati. Pobwerera, nyanda ija atamanga m'chiuno, ndi pamene ndinaona msana wawo koyamba. Unali wotuwa, wosadziwa dzuwa, ndipo pamapewa onse awiri panali zipsera zazitali, zonyezimira. Patapita zaka zambiri amayi anandiuza kuti zinali za zingwe zosenzera mitolo ya fodya kuesiteti, kumene atate anapita kukagwira ntchito ali kamnyamata kamasiye, atavala nyanda, kuti apeze kabudula wawo woyamba. Tsiku limenelo sindinafunse. Ndinathamangira pakhomo, chifukwa lole inali itaima.

Za tsikulo ndimakumbukira kuwala ndi phokoso. Ana a ku Kamwendo anatsika m'mayunifolomu awo, anafola, ndipo ine ndinagwada n'kupereka chikho kwa mphunzitsi wawo monga anandiphunzitsira. Atsikana anandizungulira, kundigwira nyanda, kufunsana ngati ndimamva chizungu. Ndinkaona ngati mapazi anga sakugunda pansi. Kumbuyo kwanga kachibonga kanayamba kulira, ko, ko, ko, ndipo pang'onopang'ono ana onse anasiya mbiya, anasiya moto, n'kukaunjikana pansi pa mango. Atate sankadzutsa mutu. Khungwa linkafutukuka, ana n'kumati, "Haa!" Kamnyamata kena kolimba mtima kanasendera pafupi n'kufunsa mokuwa, ngati kakulankhula ndi gonthi:

"Agogo, kodi galimoto munaionapo?"

Atate anakayang'ana kuchokera pansi, maso n'kuima pakabudula wake. Anali wosoka iwo omwe.

"Batani lakolo latsala ndi ulusi umodzi," anatero motsitsa mawu. "Ukawauze amayi ako abwere nalo Lolemba."

Kamnyamatako kanatsegula pakamwa, kanayang'anitsitsa, n'kufuula kuti, "Ndi a Telala! Anzanga, ndi a Telala!" Ana onse anaseka n'kuyamba kukankhana kuti aone bwino. Inenso ndinaseka, monyadira.

Chakumasana anthu a m'mudzi mwathu anabwera kudzasuzumira pampanda, atamva kuti kusukulu kuli zachilendo. Atsibweni a Lekisoni anali patsogolo. Ataona atate anagwira m'chiuno, anaweramira kumbuyo, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ha! Alamu! Kodi pansi pa jekete paja pamabisala zimenezi? Taonani a Nyanda, anthuni! A Nyanda enieni!"

Amuna amene anali nawo anaombera m'manja, dzinalo n'kuyenda pampanda kuchokera pakamwa kupita pakamwa. Ine ndinkayesa kuti akuwatama, monga amatamira mlenje ndi dzina la nyama imene wapha. Ndinapita kwa Rozina n'kumuuza kuti, "Wamva? Atate anga awapatsa dzina." Kachibonga sikanaphonye ngakhale kamodzi.

Pepala la ndondomeko ya tsikulo ndili nalonso, lotayipa, inki yake yazilala. Lili ndi mayina a ana tonse khumi ndi awiri, lililonse pafupi ndi ntchito yake. Langa lili pamwamba penipeni: wolandira alendo, Felesiya Tembo. Pamzere wa kusasantha nyanda analemba kuti bambo wina wa m'mudzi. Bambo wina! Munthu amene anatseka makina ake, amene anakwera phiri, amene popanda iye mzere umenewo sukanakhalapo. Ndaliwerenga pepala limeneli kambirimbiri, ndipo palibe tsiku limene landisiya osapsa mtima.

Alendo anabwera Loweruka kasanu. Kasanu konse atate anafika m'jekete, anaipinda, anaiika m'kankhokwe, n'kukhala pansi pa mango osadikira kuuzidwa. Pakati pa sabata ankapita okha kuphiri kukasenda makungwa ena. Ine masiku amenewo ndinkakhala ngati ndili m'maloto osafuna kudzuka. Masamba ofiira a kunkhalango anasanduka obiriwira, mango anayamba kutupa, mitambo inayamba kuunjikana kumadzulo masana n'kubalalika osagwetsa kanthu. Ana a ku Boma anandipatsa switi. Mtsikana wina wa ku Mkanda anandipempha kuti avaleko nyanda yanga, ndinakana. Kukalasi a Mvula ankanditchula monga chitsanzo, ndipo ngakhale ana a Sitandade 8 anayamba kundidziwa dzina.

Loweruka lachisanu kunatentha koopsa, mphepo osawomba n'komwe. Lole yomaliza itanyamuka, a Mvula anathokoza aliyense, nati mvula ili pafupi, mudzi utsekedwa. Atate anatsuka manja m'ndowa, anapita pa kankhokwe, anatulutsa zovala zawo n'kuzikung'untha. Anavala malaya, anamanga mabatani mpaka la pakhosi. Anavala jekete, anamanga onse atatu, n'kukokera kolala m'mwamba. Chipika ndi kachibonga anazisiya pomwepo pansi pa mango. Ndinawakumbutsa, koma anati zatha ntchito.

Sitinakwere njinga. Anaikankha, ine ndikuyenda pambali pawo, ndikadali m'nyanda yanga, yunifolomu ili m'manja. Dzuwa linali likadaotcha, mchenga ukutentha kumapazi. Podutsa pachigayo anyamata ena anakuwa kuti, "Mwaswera bwanji a Nyanda!" Atate anakweza dzanja n'kuyankha kuti, "Taswera." Ndinaona kuti dzanja linalo lagwira kutsogolo kwa jekete, kuithinitsa pachifuwa, ngakhale thukuta linkatsika m'masaya mwawo.

"Atate, mukumva kuzizira?"

"Pang'ono."

"Ndivule nyandayi mufunde? Ndi yofunda, ili ndi nsalu mkati."

Anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'masabata onsewo. Anaika dzanja pamutu panga n'kulisiya pomwepo tikuyenda.

"Khala nayo, mayi. Yakukhala bwino."

Mvula inagwa sabata yotsatira. Tinyumba tija tinasungunuka pang'onopang'ono, udzu unaola, ndipo pofika Khirisimasi pamalopo panali patamera bonongwe. A Mvula anasamutsidwa chaka chotsatira. Koma dzina lija silinasungunuke. Linafika ku Kamwendo, linafika kutchalitchi. Anthu obwera ndi nsalu ankafunsa kuti kwa a Nyanda ndi pati, ndipo ana obadwa pambuyo pake sankadziwa n'komwe kuti munthuyo anatchedwapo dzina lina. Atate ankavomera nthawi zonse. Sanandinenepo mawu amodzi odandaula, ngakhale nditakula n'kuyamba ntchito, ngakhale pamene ndinkawadwazika.

Mwana uja wa m'nyanda ankadziwa kuti atate ake ndi munthu wodziwika, amene sukulu zisanu zinabwera pa lole kudzamuona, ndipo ankadabwa kuti munthu angamve bwanji kuzizira dzuwa likuswa mtengo chotero. Nkhalamba imene ikulemba panoyi yadutsa kale zaka zimene iwo anafika. Ikudziwa tsopano kuti kamnyamata kamasiye kanayenda ulendo wa zaka makumi atatu kuchoka m'khungwa la mtengo kufika m'jekete ya mabatani atatu, ndipo kamtsikana ka zaka khumi kanakabweza ulendo wonsewo m'mawa umodzi, chifukwa lole inali itafika. Chinali chilimwe chokoma kuposa zonse za ubwana wanga. Ndayesetsa kuchida, koma zakanika, ndipo ndikuganiza kuti iwo sakanafuna kuti ndichide.